Ku Nkhoma, mfumu ndi mpingo adagwirana chanza

Ambiri mumzinda wa Lilongwe, kaya ku Old Town kaya ku Area 10, amangodziwa Nkhoma kaamba ka chipatala cha maso. Komatu ukakhota pa Kamphata, kusiya msewu wa M1, walunjika kumene kudagona mbiri.

M'zaka za m'ma 1890, anthu a mfumu Mazengera ankabisala m'phiri la Nkhoma poopa nkhondo ya Angoni. Mfumuyi ndiyo idalandira amishoni a Dutch Reformed Church, motsogozedwa ndi mbusa T.C.B. Vlok, omwe adatsegula mishoni patsinde pa phirili mu 1896. Pang'onopang'ono anthu adatsika nkuyambanso kulima kuchigwa.

Lero tchalitchi cha njerwa chili njo, Nkhoma ndi likulu la sinodi mumpingo wa CCAP, ndipo ufumu wa Mazengera ukadalipo.

Mukafuna kuona manda a pamishoni, pemphani kaye chilolezo kwa akuluakulu. Kumanda salowako chilowelowe. Tengani ana, akadziwerengere okha maina ndi zaka pa ziliza. Agogo odziwa nkhanizi akutha, ndipo mwana wongokulira m'tauni adzazimva kwa yani?