Galasi la pamtenje wa motoka likasweka, musapite kwa odula magalasi a nyumba

MWEZI wa Okutobala ukafika, mlimi aliyense kuno ku Kafue amayang'ana mtenje wa nyumba yake ndi wa nkhokwe kuti aone ngati udzapirira mvula. Koma pali mtenje wina umene ambiri amauiwala kufikira tsiku limene madzi adzayamba kuwadonthera pamutu ali paulendo. Uwu ndi mtenje wa motoka, maka-maka motoka zikulu-zikulu zakale zija zokhala ndi galasi pamwamba, limene amakanika amati sunroof.

Motoka zimenezi tonse tizidziwa: Toyota Prado, Hilux Surf, Mitsubishi Pajero, Nissan X-Trail ndi zina zotero. Zambiri zinacokera ku Japan zitagwira kale nchito, ndipo zinalowera pa Nakonde kucokera ku Dar es Salaam kapena pa Chirundu kucokera ku Durban. Alimi anazigula cifukwa n'zazitali ndipo zimapirira miseu ya fumbi ndi matope monga ya ku Chanyanya ndi ku Chiawa. Palibe amene anazigula cifukwa ca galasi la pamwambalo. Galasilo linangobwera nayo motoka, koma paja akulu anati walira mvula walira matope.

Nkhaniyi si ya anthu olemera okha ai. M'midzi ndi m'makomboni mwathu motoka imodzi yotere ndiyo imanyamula feteleza ndi mbeu, ndiyo imathamangitsa wodwala kucipatala pakati pa usiku, ndiyonso imanyamula anamfedwa ndi akwaya. Ikaima, anthu ambiri amaima nayo pamodzi. Ndipo zambiri zakalamba. Prado ya mtundu wa 90 inapangidwa kuyambira mu 1996 kufikira mu 2002, Hilux Surf analeka kuipanga mu 2009, ndipo Pajero analeka mu 2021. Motero galasi latsopano la motoka zotere silipezeka wamba m'masitolo.

Cimene cimaswa galasi

Coyamba ndi miyala. Pamseu wa Lusaka, maka-maka ca ku Shimabala kumene kuli migodi ya miyala, mumayenda malole odzaza ndi miyala yophwanya. Kamwala kakagwa n'kudumpha pa tala, kamatha kutera pamtenje wa motoka imene ili pambuyo. Caciwiri ndi katundu. Mlimi amakweza matumba kapena njinga pa keriya ya pamwamba, cingwe n'kumasuka, katundu n'kutsamira pagalasi. Cacitatu ndi zinthu zogwa kumwamba, monga nthambi, mango ndi matalala.

Nthawi zina galasi limaphulika lokha popanda colimenya, ndi phokoso longa la mfuti. Zikatero tisathamangire kuganizira anansi kapena kumenya ana. Kawiri-kawiri pamakhala kuti kamwala kanalibenthula m'mphepete miyezi yapitayo, kapena linamangidwa mokhota, ndipo dzuwa la mu Okutobala ndi kugwedezeka kwa pamseu woipa zangotsiriza nchito. Mwa kamodzi-kamodzi cifukwa cake cimakhala kacitsotso kochedwa nickel sulphide kamene kanatsalira m'galasi ku fakitale, kamene kamafufuma pang'ono-pang'ono. Vutoli lili ngakhale ku maiko kumene miseu ndi yosalala. Mu 2017 bungwe la Consumer Reports la ku America linapeza kuti boma la kumeneko linali litalandira madandaulo oposa 800 a magalasi a pamtenje ophulika okha.

Magalasi ali mitundu iwiri

Apa ndiye pagona nkhani. Galasi la kutsogolo kwa dalaivala ndi magalasi awiri omatidwa pamodzi, okhala ndi pulasitiki yopyapyala pakati. Njira imeneyi anaitulukira ndi Édouard Bénédictus wa ku France, amene anailembetsa mu 1909. Galasi lotere likamenyedwa limang'aluka koma siligwa, cifukwa pulasitiki ija imagwira zidutswa.

Galasi la pamtenje pa motoka zambiri zakale ndi la mtundu wina, wofanana ndi wa mawindo a m'mbali. Ku fakitale amayamba alidula ndi kulipinda bwino-bwino, kenaka amaliocha kupitirira madigiri 600, n'kulizizitsa mofulumira ndi mphepo. Likatero limalimba pafupi-fupi kanai kuposa galasi wamba. Koma likangobooka pamalo amodzi, lonse limasweka nthawi yomweyo n'kukhala tizidutswa tonga mcere wa miyala. Anacita dala kuti lisamaceke anthu kwambiri pa ngozi.

Izi zitiphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, galasi lotere silimatika ndipo silidulika. Palibe mmisiri angatenge galasi la motoka ina n'kulicepetsa kuti likwane pa yanu, cifukwa akangoliyamba ndi codulira lidzaphwanyikira m'manja mwake. Caciwiri, galasi la pawindo la nyumba lisayandikire pamtenje wa motoka. Limenelo limadulika mosavuta, ndipo n'lochipa, koma likasweka limatuluka zidutswa zazitali zakuthwa ngati mipeni. Tangoganizani zidutswa zimenezo zikugwera pamutu pa mai wobereka mwana, motoka ikuthamanga. Ndalama zimene munapulumutsa sizingalipire zimenezo.

Tsiku limene lasweka

Ngati muli paulendo, imani pambali pa mseu. Ngati kacitseko ka mkati kaja kotsekera dzuwa kanali kotseka, musakatsegule, cifukwa ndiko kagwira zidutswa. Musakhudzenso batani lotsegulira galasi. Kamota kakayenda kamakokera tizidutswa m'tinjanji ndi m'mawaya ake, ndipo mudzaononga makina amene ndi odula kuposa galasilo. Ndi bwino kucotseratu fyuzi yake kuti ana asaliseweretse.

Valani magulovu, kapena kulungani nsalu yokhuthala m'manja, ndipo cotsani zidutswa zotsalira m'mphepete. Phimbani ciboo ndi pulasitiki yolimba ca kunja, n'kumata ndi tepu mbali zonse zinai, kuyambira mbali ya kutsogolo kumene mphepo imamenya. Koma dziwani kuti iyi ndi nchito ya masiku ocepa cabe. Dzuwa limaocha pulasitiki, tepu imamatuka, ndipo ikakhalitsa imacotsa penti. Tizidutswa ta pamipando musatisese ndi manja. Funani makina okoka fumbi kwa otsuka motoka, ndipo yang'anani bwino m'mipata ya mipando mmene ana amapisa zala.

Kufuna galasi lina

Njira ya anthu ambiri ndi kugula galasi locotsedwa pa motoka ina ya mtundu womwewo, kwa ogulitsa masipeya akale. Ambiri a iwo ali ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kucokera kuno, ndipo ena amaitanitsa kunja ngati alibe. Musananyamuke, lembani nambala ya chasisi imene ili pa buku loyera ndi pa kacitsulo ka m'boneti. Kunena cabe kuti "Prado" sikukwanira, cifukwa ma Prado ali mitundu-mitundu. Zilembo zoyambirira za nambalayo, monga KZJ95 pa Prado, KZN185 pa Surf kapena NT30 pa X-Trail, ndizo zimauza wogulitsa cimene mufuna. Pimaninso ciboo m'litali ndi m'lifupi, ndipo jambulani ndi foni malo omangira mabauti.

Safunsa anadya phula. Mukalipeza galasi, liyang'aneni pa dzuwa. Pakona pake payenera kukhala cidindo ca fakitale, comwe kawiri-kawiri cimakhala ndi mau akuti Tempered kapena Temperlite. Yendetsani cala mosamala m'mphepete monse, ndipo ngati pali pobenthuka, lisiyeni ngakhale atsitse mtengo, cifukwa pamenepo ndi pamene lidzayambira kusweka. Onani ngati citsulo ca pansi pake cilibe dzimbiri, ndiponso ngati labala yozungulira siinaume kapena kung'ambika. Pemphani lisiti, ndipo mumvane pamaso pa mboni kuti likakana kukwana mudzalibweza. Polinyamula, likulungeni m'bulangeti ndipo liimike, lisagone pansi pa katundu.

Amene ali ndi inshuwalansi ayambe afunsa ku kampani yao asanagule kanthu. Inshuwalansi ya third party, imene lamulo limakakamiza motoka iliyonse kukhala nayo, imalipira anthu ena amene mwawaonongera, osati galasi lanu. Ya comprehensive ndiyo ingathandize, malinga ndi zimene zinalembedwa pa pepala lanu.

Kuika galasi

Kumanga galasi lenilenilo si nchito yaikulu. Pa motoka zambiri limagwidwa ndi mabauti anai kapena asanu ndi limodzi, amene amaonekera mukacotsa timapulasitiki ta m'mbali ca mkati. Nchito yaikulu ndi kuyeretsa. Mmisiri wabwino amatha nthawi yaitali akucotsa tizidutswa m'tinjanji kuposa imene amatha pomanga galasi. Kacidutswa kamodzi kotsalira kakhoza kukanika makina kapena kukanda galasi latsopano. Akatha kuyeretsa apake girisi wopepuka pang'ono cabe, cifukwa girisi wambiri amagwira fumbi n'kusanduka phala.

Mabauti asamangidwe zolimba nthawi imodzi. Ayambe awagwiritsa pang'ono onse, atseke galasi, ndipo alilinganize ndi mtenje. Kutsogolo likhale lolingana ndi mtenje kapena kutsikirako pang'ono kwambiri, kumbuyo lolingana kapena kukwererako pang'ono kwambiri, ngati milimita imodzi. Likakwera kutsogolo, mphepo idzaliza mluzu ulendo wonse ndipo madzi adzalowa ambiri. Likapanikizika mbali imodzi, lidzaswekanso. Akatha kumanga, abwezere fyuzi ndipo atsegule ndi kutseka kangapo inu muli pomwepo. Mukamva kukukuta, musalipire, ayambe apeza cimene cikukukuta.

Madzi saiwala khwawa

Ambiri amadabwa kuona kuti aika galasi labwino koma motoka ikudonthabe. Cinsinsi cake n'cakuti labala ya sunroof siinapangidwe kuti itseke madzi onse. Madzi ena amalowa ndithu, n'kugwera m'kangalande kamene kali pansi pa galasi. Pa makona anai a kangalandeko pali timapaipi timene timatsika mobisika m'mizati ya motoka n'kukataya madzi pansi. Fumbi la miyezi isanu ndi umodzi ya cilimwe, masamba, ndi tizidutswa ta galasi losweka lija zimatseka timapaipi timeneti. Mvula yoyamba ikagwa, madzi amasowa njira n'kusefukira mkati.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Imikani motoka pamalo olingana, tsegulani galasi, ndipo thirani kapu ya madzi pang'ono-pang'ono pa kona iliyonse. Madzi ayenera kutulukira pansi, kufupi ndi mawilo. Akaima, lowetsani cingwe ca pulasitiki ca makina ochechera udzu, mofatsa, kufikira njira itatseguka. Waya wolimba amaboola paipi, ndipo mphepo yamphamvu ya kompuresa imaisolola pamalo pake mkati mwa siling'i, pamene simungafike popanda kumasula zambiri.

Musapeputse kudontha. Madzi amayenda m'mizati mmene mumadutsa mawaya a magetsi, ndipo amakakhala pansi pa kapeti n'kuyamba kudya citsulo. Mipando imanunkha nkhungu. Feteleza akanyowa amaundana, ndipo mbeu ya cimanga ikanyowa m'thumba imaonongeka isanafike kumunda.

Ngati ndalama zacepa

Nyengo yokonza galasi ndi yomweyonso yogula mbeu ndi feteleza, ndipo Januwale wa zofunika za kusukulu ali pafupi. Ngati galasi lasowa, kapena makina ake anafa kale, palibe manyazi kutsekeratu ciboo. Mmisiri woongola motoka akhoza kudula citsulo, makamaka ca pamtenje wa motoka ina yakufa, n'kucimanga bwino, kucimata kuti madzi asalowe, ndi kupaka penti yoletsa dzimbiri mkati ndi kunja. Ngati adzaocherera, ayambe acotsa siling'i ndi kumasula batire, kuopa moto. Popeza motoka zakale zimapita ku RTSA kukapimidwa fitinesi, nchitoyo ikhale yaudongo ndi yolimba, osati lata logwidwa ndi waya.

Ena amaikapo pulasitiki yoonekera. Yolimba ija yochedwa polycarbonate ingakuolotseni dzinja limodzi ngati yamangidwa ndi mabauti, koma imakandika ndipo imafiira ndi dzuwa. Thabwa la pulaiwudi limamwa madzi n'kufufuma. Ciliconse congomatidwa ndi silikoni popanda mabauti cikhoza kuuluka pamseu waukulu n'kukamenya motoka ya pambuyo kapena munthu wa panjinga.

Mau otsiriza apite kwa amene magalasi ao akali amoyo. Musatsamiritse katundu pagalasi. Siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi lole ya miyala. Poyenda, kacitseko ka mkati kazikhala kotseka. Tsukani timapaipi kawiri pa caka, mvula isanayambe ndiponso ikatha. Ndipo pa maukwati tisalole ana kuimirira n'kutulutsa mitu pa ciboo cimeneci motoka ikuyenda, cifukwa dalaivala akangoponda mabuleki mwadzidzidzi, cikondwerero cimasanduka maliro.

Abale ndi alongo, mvula ya mu Novembala siidikira kuti munthu ayambe wagulitsa nkhumba. Tengani kapu ya madzi sabata ino, kwerani pa sitepe ya motoka yanu, ndipo muone ngati madziwo atulukira pansi.