N'chifukwa chiyani Ramadhani amafulumira chaka ndi chaka?

Anzanga achikhristu pa Ulongwe amakonda kundifunsa kuti, "Kodi Idi yanuyi ilibe tsiku lenileni ngati Khrisimasi?" Ili nalo: pa 1 Shawwal, mwezi wobwera Ramadhani akangotha, chaka chilichonse, osaphonya. Kungoti tsikulo simungalipeze pa kalendala yopachika pakhoma ija.

Asilamu amawerenga masiku potsata mwezi wa kumwamba. Kuchokera pamene mwezi wakhala mpaka pamene udzakhalenso pamapita masiku 29 ndi theka. Thekalo n'limene limachititsa kuti mwezi wina ukhale wa masiku 29, wina 30. Wa 31 kulibe. Miyezi 12 yotere imakwana masiku 354 kapena 355, kuperewera masiku pafupifupi 11 pa chaka cha dzuwa. Ayuda amaonjezera mwezi wathunthu pakapita zaka kuti zikondwerero zisachoke pa nyengo yake, koma Chisilamu chimaletsa zimenezo. Choncho Ramadhani, mwezi wa chi 9, amabwera msanga chaka chilichonse, ndipo pomatha zaka 33 amakhala atazungulira nyengo zonse.

Kwa mlimi wa kwa Kalembo, masamu amenewa amamveka m'thupi. Mu 2005 tinayamba kufunga (kusala kudya) kumayambiriro kwa Okutobala, dzuwa la ku Balaka likuswa mtengo, anthu akugalauza mizere kukhosi kuli gwa, ngakhale dontho la madzi osalawa mpaka dzuwa litalowa. Chinalinso chaka cha njala. Mu 2015 Ramadhani anagwa mu Juni: kunja kukuzizira, usana wafupi, chimanga chili m'nkhokwe, mbatata ndi nsinjiro za futali zili mbwee, ndalama ya thonje ili m'thumba. Pano wafika m'miyezi ya dzinja, Febuluwale ndi Malichi, pamene mayi amadzuka usiku kukonza daku, chakudya cha m'bandakucha, akuyang'anitsitsa pansi pa thumba la ufa. Mu 2030 adzabwera kawiri, mu Januwale ndi mu Disembala.

Nanga Asilamu amadziwa bwanji kuti mwezi wayamba? M'Chisilamu tsiku limayamba dzuwa likalowa. Ndiye madzulo a tsiku la 29, swala ya magharibi (pemphero la dzuwa litangolowa) ikatha, anthu amaima panja pa mzikiti maso ali kumadzulo. Kamweziko kamakhala kowonda ngati chikhadabo chowengedwa, kotsika pafupi ndi nsonga za mitengo, ndipo sikachedwa kulowa. Kakaoneka, mwezi watsopano wayamba usiku womwewo. Kakapanda kuoneka, kaya chifukwa cha mitambo ya dzinja, mwezi wakalewo umakwanitsidwa masiku 30, nkhani yatha. Wouona amakauza shehe, shehe amaimbira akuluakulu, kenako bungwe la Muslim Association of Malawi limalengeza, anthu n'kumvera pa Radio Islam. N'chifukwa chake ngakhale boma limadikira uthenga womwewo kuti litsimikize tchuthi cha Idi, ndipo wogulitsa nkhuku pa msika sadziwa bwino tsiku lake lopha makwacha.

Masiku ano mkangano umabwera ndi foni. Mnyamata amaona kuti ku Saudi Arabia alengeza kale, n'kuyamba kufunsa kuti ife tikudikiranji. Koma mwezi sumaoneka tsiku limodzi dziko lonse lapansi. Kwina umaoneka lero, kwina mawa. Ine ndimaona kuti mudzi wofunga pamodzi n'kumasulira pamodzi uli bwino kuposa nyumba imene bambo ali pa Idi, mayi akadali pa swaumu yosala kudya.

Zaka za Chisilamu zimawerengedwa kuyambira 622, pamene Mtumiki Muhammad anasamuka ku Makka kupita ku Madina. Anakhazikitsa kawerengedweka ndi Khalifa Umar, cha m'ma 638. Chaka cha 1447 chinayamba kumapeto kwa Juni 2025. Mukachotsa 622 pa 2025 mupeza 1403. Zaka 44 zapamwambazo zachokera ku masiku 11 aja, ataunjikana kuyambira nthawi ya Mtumiki.