Pulogalamu yosungira magwero a kafukufuku: zimene wophunzira wa ku Shikabeta ayenera kuyang'ana posankha

Aphunzitsi ndi anamwino ambiri a m'madera akumidzi ku Zambia akuchita maphunziro a digiri ali pantchito. Chaka chomaliza chikafika, onsewa amayenera kulemba lipoti la kafukufuku, ndipo kumapeto kwa lipotilo kumafunika mndandanda wolondola wa mabuku ndi zolemba zonse zimene anagwiritsa ntchito. Ophunzira ambiri amataya mamalikisi pa mndandanda umenewu ngakhale kafukufuku wawo ali wabwino.

Pali mapulogalamu a pa kompyuta opangidwira ntchito imeneyi, ndipo otchuka kwambiri ndi Zotero, Mendeley ndi EndNote. Koma pulogalamu imene imayenda bwino mu laibulale ya mumzinda wa Lusaka ikhoza kugwiritsa mwala munthu wa ku Shikabeta, m'boma la Rufunsa, kumene magetsi ndi netiweki sizipezeka nthawi zonse.

Shikabeta ndi dera la mfumu ya anthu a mtundu wa Asoli, kum'mawa kwa chigawo cha Lusaka, kutali ndi msewu waukulu wa Great East. Boma la Rufunsa linadulidwa kuchoka ku Chongwe mu ulamuliro wa malemu Michael Sata. Mphunzitsi wa kumeneko akafuna digiri amatha kulembetsa maphunziro ochitira kunyumba ku yunivesite ya Chalimbana ku Chongwe, imene kale inali koleji yowonjezera maphunziro a aphunzitsi, kapena ku yunivesite ya Zambia mu Lusaka. Amakaonana ndi aphunzitsi ake pa nthawi ya tchuthi, sukulu zikatsekera. Miyezi ina yonse amawerenga ndi kulemba ali kumudzi, madzulo, atamaliza kuchonga makope a ana.

Ntchito ya pulogalamu yotere ndi yosavuta kuimvetsa. Munthu akawerenga buku amalowetsa m'pulogalamuyo dzina la mlembi, mutu wa buku, chaka chimene linasindikizidwa ndi kampani imene inasindikiza. Izi amazilowetsa kamodzi kokha. Polemba lipoti mu Microsoft Word kapena mu LibreOffice, akafika pamene watenga ganizo la mlembi uja amangodina batani n'kusankha bukulo. Pulogalamu imaika dzina ndi chaka pamalopo, ndipo imawonjezera bukulo pa mndandanda wa kumapeto m'malo ake oyenera. Akafufuta ndime yonseyo, bukulo limachokanso pa mndandanda.

Phindu lenileni limaoneka pamene woyang'anira kafukufuku wabweza lipoti ndi kulamula kuti kalembedwe ka magwero kasinthidwe. Wolemba pamanja amayambiranso tsamba ndi tsamba. Wa pulogalamu amasintha zonse pa mphindi zochepa.

Kalembedwe kameneka kali m'mitundu yambiri, choncho chinthu choyamba ndicho kufunsa dipatimenti kuti imafuna kati. M'maphunziro a zauphunzitsi kofala ndi ka APA, kamene kope lake lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 2019. Kope limeneli linasiya kufuna dzina la mzinda umene buku linasindikizidwira, ndipo ngati alembi ali atatu kapena kuposa, m'kati mwa lipoti mumatchulidwa woyamba yekha. Kalembedwe kotchedwa Harvard kalibe mwini mmodzi, moti sukulu iliyonse ili ndi mtundu wake. Magazini ambiri a zachipatala amatsata ka Vancouver, kamene kanachokera pa msonkhano wa akonzi a magazini otere mu 1978, ndipo kamaika manambala m'malo mwa maina. Wophunzira unamwino pa sukulu ya St Luke's ku Mpanshya, m'boma lomwelo la Rufunsa, amakumana ndi manambala amenewa akamawerenga magazini a zaumoyo.

Kwa amene akulemba ntchito yaifupi ya magwero khumi chabe, Microsoft Word payokha ili ndi gawo losanja magwero kuyambira mu 2007, ndipo silifuna intaneti. Vuto lake ndi lakuti APA amene ali m'menemo ndi wa kope lachisanu ndi chimodzi, lomwe linalowedwa m'malo. Pa lipoti lalikulu la digiri gawoli limachepa mphamvu.

EndNote ndiyo yakale pa mapulogalamu atatu aja. Inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo mwini wake ndi kampani ya Clarivate. Ndi yamphamvu ndithu, koma ndi yogula, ndipo mtengo wake wonse umapitirira madola 200 a ku America. Imayenera munthu amene yunivesite yake yalipira kale chilolezo, ngakhale kuti chilolezo chotere chimatha kutha munthu akamaliza maphunziro. Makope akuba amene amayenda pa mafulashi amabwera kawirikawiri ndi mavairasi, ndipo kompyuta imene ili ndi lipoti la chaka chonse si yoyeserapo zotere.

Mendeley inayambira ku London ndipo kampani yosindikiza ya Elsevier inaigula mu 2013. Ndi yaulere, ndipo imapereka malo okwana magigabayiti 2 osungirako zolemba pa intaneti. Kwa zaka zambiri ndiyo inkaphunzitsidwa m'mayunivesite ochuluka. Koma zinthu zinasintha. Mu 2021 kampaniyo inatseka pulogalamu yake ya pa foni, ndipo kuyambira pa 1 September 2022 inasiya kupereka pulogalamu yakale ya Mendeley Desktop kwa oyamba kumene. Chida chatsopano choikira magwero mu Word, chotchedwa Mendeley Cite, chimadalira intaneti kuti chitsegule nkhokwe ya munthu. M'tauni zimenezi sizidetsa nkhawa. Kumene munthu amakwera pachulu kuti foni igwire, ndi nkhani yaikulu.

Zotero inatuluka mu 2006 kuchokera ku yunivesite ya George Mason ku America, ndipo imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu. Nayonso ndi yaulere. Kusiyana kwake ndi kwakuti nkhokwe yonse imakhala m'kompyuta ya mwini wake, ndipo kuika magwero m'lipoti kumatheka popanda intaneti ngakhale pang'ono. Intaneti imafunika pokopera pulogalamuyo, potenga kalembedwe kamene sikanabwere nayo, ndi potumiza kope la nkhokwe ku seva. Zonsezi wophunzira akhoza kuchita pa masabata amene ali ku Chalimbana kapena ku Lusaka. Malo aulere osungirako mafayilo ndi mamegabayiti 300 okha, ochepa poyerekeza ndi a Mendeley, koma maina a mabuku ndi manotsi sawerengedwa pa malire amenewa. Amene amadzaza malowo ndi mafayilo a PDF, ndipo amenewa akhoza kungokhala m'kompyuta osatumizidwa.

Pa chifukwa chimenechi, kwa wophunzira wa ku Shikabeta Zotero ndiyo ili patsogolo. Ndipo anthu a m'tauni asaganize kuti nkhaniyi ndi ya akumudzi okha. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, madera ambiri a Zambia ankakhala opanda magetsi maola opitirira 20 pa tsiku, ndipo netiweki ya mafoni inkavuta nayonso. Amene nkhokwe yawo inali m'kompyuta anapitiriza kulemba malinga batire linali ndi moto.

Komabe pali malire awiri. Chida cha Zotero choikira magwero chimagwira ntchito ndi Word ya pa kompyuta, LibreOffice ndi Google Docs, osati pa foni. Amene ali ndi foni yokha akhoza kugwiritsa ntchito tsamba la ZoteroBib, lomwe linatsegulidwa mu 2018, kuti apange mndandanda n'kuukopera, koma limafuna intaneti. Chachiwiri, makompyuta akale kwambiri amakana mapulogalamu atsopano, motero ndi bwino kuyesa pamene munthu akadali pafupi ndi wodziwa kukonza.

Gawo limene ophunzitsa mapulogalamuwa amadumpha kawirikawiri ndi la magwero a kuno kwathu. Nkhani ya m'magazini akunja imakhala ndi nambala yake yotchedwa DOI, ndipo buku lamakono limakhala ndi ISBN. Munthu akalowetsa nambala imeneyi pali intaneti, pulogalamu imadzaza yokha zonse. Koma wofufuza chifukwa chimene atsikana amasiyira sukulu ku Rufunsa amadalira zolemba za mtundu wina: malipoti a unduna, makalata a ofesi ya zamaphunziro ya m'boma, kaundula wa sukulu, ndi malipoti a ophunzira anzake amene sanasindikizidwe. Zambiri mwa izi zilibe nambala. Ngakhale buku lodziwika la John Mwanakatwe lonena za kukula kwa maphunziro m'Zambia, limene Oxford University Press inasindikiza mu 1968, linatuluka ISBN isanakhale muyezo wa dziko lonse mu 1970. Zotere zimalowetsedwa pamanja, ndipo apa ndi pamene zolakwika zimalowera.

Chitsanzo ndi chikalata cha ndondomeko ya maphunziro cha mu 1996 chotchedwa Educating Our Future. Mlembi wake ndi unduna, Ministry of Education. Pulogalamu ikaona mawu atatuwa ikhoza kuganiza kuti ndi dzina la munthu, n'kutenga Education ngati dzina la bambo, Ministry n'kuifupikitsa kukhala M. Mu Zotero muli kabatani kosandutsa mabokosi awiri a dzina kukhala limodzi, ndipo maina a maunduna ndi mabungwe ayenera kulembedwa m'bokosi limodzilo. Maina a anthu nawo amatembenuka. Pa zikuto za malipoti ambiri a kuno dzina la bambo limayamba, pa ena limatsiriza, ndipo makina sadziwa kuti Phiri, Tembo kapena Mwale ndilo loyenera kutsogola. Mitu ya mabuku a Chinyanja kapena Chisoli nayo imasokonezeka pamene pulogalamu ikuika zilembo zazikulu motsata malamulo a Chingerezi. Zotero imasiya kutero munthu akalemba chiyankhulo cha bukulo m'bokosi la chiyankhulo.

Nanga mawu a pakamwa? Mbiri yambiri ya dera ngati Shikabeta ili m'mitu ya nduna za mfumu, mafumu a midzi ndi agogo. Malinga ndi APA, zimene munthu wauzidwa pakamwa popanda kuzijambula ndi kuzisunga poti ena angazipeze zimatchulidwa m'kati mwa lipoti, ndi dzina la wonena komanso tsiku, koma sizilowa pa mndandanda wa kumapeto. Kope la 2019 linawonjezera malangizo otchulira nzeru za makolo, okhudza kulemba dzina lonse la wonena, mtundu wake ndi dera lake, iye atavomereza. Izi n'zosiyana ndi anthu amene ayankha mafunso a kafukufuku, monga ana asukulu ndi makolo awo, amene maina awo amabisidwa ndipo satchulidwa ngati magwero. Palibe pulogalamu imene ingasiyanitse magulu awiriwa m'malo mwa wolemba.

Vuto latsopano labwera ndi mapulogalamu oyankha mafunso monga ChatGPT, imene inatuluka chakumapeto kwa 2022. Akafunsidwa magwero, nthawi zina amapeka mabuku ndi alembi amene kulibe. Mu 2023 khoti lina ku New York linalipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 atapereka milandu yopeka yochokera ku pulogalamu yotere. Zotero kapena Mendeley imalandira gwero lopeka n'kulisanja bwinobwino ngati lenileni. Njira yodzitetezera ndiyo kulowetsa m'nkhokwe chokhacho chimene munthu wachitsegula n'kuchiwerenga, ndi kulemba nambala ya tsamba nthawi yomweyo, pakuti buku lobwereka ku Lusaka silingatsegulidwenso munthu atabwerera ku Rufunsa.

Nkhokwe yokhala m'kompyuta imodzi ili ndi ngozi yake, chifukwa kompyutayo ikabedwa kapena kupsa ndi magetsi a jenereta, zonse zimapita. Zotero imasunga chilichonse mu foda imodzi, imene ikhoza kukoperedwa pa fulashi pulogalamuyo itatsekedwa. Mapulogalamu onse atatu amathanso kutulutsa mndandanda mu fayilo ya mtundu wa RIS, yaing'ono moti imatumizika pa WhatsApp, ndipo pulogalamu ina iliyonse mwa itatuyi imaiwerenga. Ndiyo njira imene munthu amasamukira kuchoka ku Mendeley kapena EndNote osalembanso mabuku onse.

Cholakwika chikaoneka pa mndandanda, chiyenera kukonzedwa m'nkhokwe, osati mu lipoti, pakuti pulogalamu ikasanjanso mndandanda imafufuta zokonzedwa pamanja. Tsiku lopereka lipoti likafika, wophunzira amapanga kope lachiwiri n'kudina batani la Unlink Citations, limene limasandutsa magwero kukhala mawu wamba kuti asasokonezeke pa kompyuta ya woyang'anira kapena ya malo osindikizira. Kope loyamba, lolumikizidwa ndi nkhokwe, limasungidwa kuti lidzagwire ntchito lipoti likadzabwezedwa ndi zokonza.