Kukalambira ku Joni kumafuna pepala lake

Mafunso amene ndimalandira kuchokera ku Chikweo, kwa Ngokwe, ku Nselema ndi ku Ntaja asintha. Kale ofunsa ankakhala anyamata ofuna kudziwa za pasipoti ndi basi yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Masiku ano ambiri ndi a imvi. Ena ndi abambo amene akhala ku Joni zaka makumi awiri akusoka zovala, kulondera kapena kusamala maluwa pa nyumba za eni dziko, ndipo mawondo ayamba kukana. Ena ndi amayi a kumudzi amene mwana akuwaitana pa foni: "Amayi, bwerani mudzapumire kuno, chipatala chili pafupi." Ntchito yanga ndi kulangiza anthu pa malamulo olowera ndi kukhala m'mayiko a eni, ndipo magulu awiriwa ndimawauza chinthu chimodzi choyamba. Boma la eni silifunsa zaka zanu zakubadwa, silifunsanso thukuta limene munakhetsa m'dziko lawo. Limafunsa kuti mukasiya ntchito adzakudyetsani ndani, ndipo yankho limalifuna lolembedwa.

Tiyambe ndi chidindo chimene aliyense amachidziwa. Mmalawi akafika pa Beitbridge ndi pasipoti yabwino amaloledwa kulowa popanda viza, mpaka masiku 30. Chidindo chimenecho ndi cha mlendo wodzacheza. Kuyambira mu Meyi 2014, South Africa inasiya kulipiritsa chindapusa pa chipata kwa opyola masiku, n'kuyamba kuwaletsa kubwerera. Mukapyola ndi masiku osaposa 30, amakuletsani chaka chimodzi. Mukapyola ndi masiku oposa 30, zaka zisanu. Taganizani za mayi amene anapita kukaona mdzukulu wobadwa kumene, ana n'kumukakamiza kuti adikire Idi. Pobwerera apatsidwa kalata pa chipata, ndipo mdzukuluyo adzamuonanso ali pafupi kuyamba sukulu. Njira yodandaulira ilipo, koma imafuna chifukwa chomveka chokhala ndi umboni, monga kalata ya chipatala.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti munthu wolowa ngati mlendo saloledwa kusintha chidindo chake kukhala viza ya nthawi yaitali ali konko, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera, monga kukhala pa banja ndi nzika ya dzikolo. Pempho loyamba limaperekedwa kuno kwathu, ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, munthu asanakwere basi.

Viza ya opuma pantchito ilipodi. Ili m'gawo 20 la lamulo lawo la za olowa m'dziko la 2002, ndipo pa fomu imalembedwa kuti retired person visa. Imaperekedwa mpaka zaka zinayi, ndipo ikatha mutha kuiwonjezera. Koma wopempha ayenera kuonetsa kuti amalandira ndalama zosachepera R37,000 pa mwezi, zochokera ku penshoni, ku thumba la ndalama zopumira pantchito kapena ku chuma chimene chimabala phindu mwezi ndi mwezi, monga nyumba za lendi. M'makwacha awa ndi mamiliyoni angapo mwezi uliwonse. Pamwamba pake amafuna kalata ya dokotala, kalata ya apolisi yosonyeza kuti simunapalamule mlandu, ndi pasipoti yosayandikira kutha. Ndinene mosabisa kuti viza imeneyi anaikonzera anthu a ndalama zawo, ambiri a ku Ulaya, ogula nyumba ku Cape Town. Mphunzitsi wopuma wa ku Balaka kapena mlimi wa mpunga wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta sangaifikire, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti "ndikukonzerani" pa ndalama yochepa akukugulitsani chidindo chabodza. Chidindo chotero chikagwidwa, dzina lanu limalowa pa mndandanda wa oletsedwa, ndipo kumeneko kulibe zaka zoikika zoti mudikire.

Khomo limene limatseguka kwa mabanja athu ena ndi viza ya wachibale, ya m'gawo 18. Pano ndalama sizifunidwa kwa kholo koma kwa mwana, amene ayenera kuonetsa R8,500 pa mwezi yosamalira munthu mmodzi amene akumuitana. Imaperekedwa mpaka zaka ziwiri nthawi imodzi, ndipo mwini wake saloledwa kugwira ntchito, ngakhale kugulitsa mandasi pa geti. Kwa kholo lokalamba zimenezo si vuto lalikulu. Vuto lagona pa mwanayo. Lamulo limati woitana akhale nzika ya South Africa kapena akhale ndi chilolezo chokhazikika. Mwana wokhala ndi pemiti ya ntchito sakwanira pa viza imeneyi, nanji amene masiku ake anatha mu 2015 ndipo amangozemba apolisi. N'chifukwa chake mayi akandifunsa kuti atenge viza iti, ndimayamba ndapempha kuti mwanayo ajambule pepala lake ndi foni, atumize. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo, ndipo zimandipweteka kuona kholo likuzindikira koyamba kuti mwana amene amatumiza malata ndi simenti chaka chilichonse alibe pepala lililonse.

Ngati mwanayo ali nalo pepala loyenera, kholo lingathe kupemphanso chilolezo chokhazikika kudzera m'gawo 27, chifukwa kholo ndi mwana ndi ubale wapafupi kwambiri umene lamulo limauzindikira. Apa pamafunika umboni wa ubalewo, ndipo kwathu kuno pamavuta. Munthu mmodzi pa pasipoti analemba dzina la bambo, pa chitupa cha unzika dzina la agogo, pomwe mwana wake ku Joni amadziwika ndi dzina la amalume amene anamulera. Kwa ife tonse tikudziwa kuti ndi magazi amodzi. Wa ku Home Affairs ku Pretoria amangoona maina atatu osiyana. Konzani maina ndi masiku obadwa ku ofesi ya kalembera wa dziko musanawononge ndalama pa fomu.

Tsopano za abambo amene ali kale ku Joni. Ambiri amakhulupirira kuti kukhalitsa kumabala ufulu, kuti zaka khumi kapena makumi awiri zikakwana boma limakulembani lokha. Lamulo lotero kulibe. Zaka zimene zimawerengedwa ndi za pepala: zisanu pa viza ya ntchito pamodzi ndi lonjezo la ntchito yokhazikika, kapena zisanu pa banja lovomerezeka ndi nzika kapena wokhazikika. Zaka zokhala mobisala, ngakhale zichuluke bwanji, pa fomu siziwerengedwa. Anthu a ku Zimbabwe anapatsidwa chilolezo chapadera kuyambira 2009, a ku Lesotho nawo anapatsidwa chawo, koma Amalawi sitinapatsidwepo chotero. Kubala mwana konko nakonso sikumupanga mwanayo kukhala nzika ngati makolo onse ndi alendo. Amatha kupempha unzika akakwana zaka 18, ngati kubadwa kwake kunalembetsedwa ndipo wakulira konko. Pepala la othawa kwawo, limene anyamata ambiri amatenga pofuna kuti apeze ganyu, si lokalamba nalo. Limanena kuti mukuopa kubwerera ku Malawi, choncho mukabwera kudzaika maliro kwa Chikweo mwalifooketsa nokha.

Zonsezi zimaluma munthu akafika zaka 60. Ndalama ya okalamba imene boma limapereka kudzera ku SASSA, yoposa R2,000 pa mwezi, ndi ya nzika, okhazikika ndi othawa kwawo ovomerezedwa basi. Agogo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba ankapita pa kontirakiti yokhala ndi tsiku lobwerera, ndipo gawo la malipiro ankalilandirira kuno. Njira imeneyo inatsekeka mu 1988. Amene anapita pambuyo pake anapita paokha, popanda wowakumbutsa za tsiku lobwerera, ndipo ndi amene akukalamba tsopano m'tizipinda ta lendi ku Mayfair ndi ku Durban.

Mayiko ena sasiyana kwenikweni. Britain inatseka khomo la opuma odzidalira mu 2008, ndipo kuyambira 2012 kholo limaloledwa kukakhala ndi mwana pokhapokha litaonetsa kuti silingathe kudzisamalira pa zinthu za tsiku ndi tsiku, komanso kuti chisamaliro chotero sichingapezeke kwawo ngakhale mwana atumize ndalama. Chotsala ndi viza yocheza ya miyezi isanu ndi umodzi. Kutsidya kwa Chiuta, ku Mecanhelas ndi ku Mandimba, ambiri tili ndi abale ndipo timawoloka ngati tikupita kudimba, koma wofuna kukhazikika ku Mozambique amafunika chitupa cha mlendo wokhala m'dziko chotchedwa DIRE. Ifenso a Malawi timachita chimodzimodzi: mzungu wofuna kukalambira m'mbali mwa nyanja ku Mangochi timamufunsa umboni wa ndalama zodalirika tisanamupatse chilolezo chokhazikika.

Kwa ochepa amene ali ndi chilolezo chokhazikika cha South Africa ndipo akumanga nyumba kumudzi, samalani ndi gawo 28 la lamulo lija: mukakhala kunja kwa dzikolo zaka zoposa zitatu, boma lingathe kukulandani. Amene munatenga unzika wa kumeneko, Nyumba ya Malamulo yathu inavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018, choncho kafunseni ku Nthambi ya Zolowa ndi Kutuluka momwe mungabwezeretsere wa kuno.

Kwa bambo wopanda pepala amene mphamvu zikutha, ine ndimalangiza kubwerera akadali ndi miyendo yake, osadikira kuti adzatengedwe kudzera ku Lindela, kumene amasungira ogwidwa opanda mapepala, kapena kuti abale adzasonkhe ndalama za bokosi. Ngati pasipoti inatha kapena inatayika, ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ya ku Johannesburg zimapereka chikalata choyendera mwadzidzidzi. Asananyamuke afunse kwa bwana ngati ankamudula ndalama za thumba la opuma, atenge nambala ya umembala ndi mapepala a malipiro, chifukwa kuzitsata ali ku Machinga n'kovuta kwambiri. Kwa mayi woitanidwa ndi mwana wopanda chilolezo chokhazikika, pitani pa masiku 30 omwewo ndi tikiti yobwerera m'manja, ndipo muwerenge tsiku limene wa pa chipata walembadi m'pasipoti, chifukwa nthawi zina amalemba ochepera pamenepo.