Chimachitika n'chiyani mbiya ikalowa m'ng'anjo?

Amayi anzanga, ambirife timasunga madzi akumwa mumtsuko, ndipo m'magulu ena tikuumba Chitetezo Mbaula zogulitsa. Koma kuumba ndi theka chabe la ntchito. Mbiya imalimba kapena kuwonongeka pamoto.

Makolo athu ankawotchera mbiya poyera kapena m'dzenje losaya, atazikwirira ndi nkhuni, makungwa ndi udzu. Moto wotere umayaka mofulumira, mphepo n'kumauwomba mbali imodzi, choncho mbiya zina zimapsa bwino pamene zina zimang'aluka.

Ng'anjo imachepetsa vutoli. Imamangidwa ndi njerwa ndi dothi. Pansi pali malo osonkhapo moto, pamwamba pake pali pokhala mbiya pomwe pamasiyidwa mipata. Mbiya zimasanjidwa chozondoka, kenaka pamwamba amaphimba ndi mapale. Mpweya wotentha umakwera kudzera m'mipatamo, kuzungulira mbiya zonse, ndi kutulukira pamwamba. Khoma limasunga kutentha, motero nkhuni zimalowa zochepa.

Chofunika kwambiri ndi kuyamba ndi moto wochepa. Ngakhale mbiya youma bwino pamthunzi imakhalabe ndi chinyezi m'kati. Kutentha kukafika madigiri 100, chinyezicho chimasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ikasowa potulukira mbiya imaphulika. Moto muziwonjezera pang'onopang'ono. Kutentha kukapitirira madigiri 600, dongo limasinthiratu, silingabwererenso kukhala matope ngakhale mutaliviika m'madzi. Mukamaliza, tsekani khomo la moto ndipo ng'anjo izizire yokha. Mbiya yotentha ikaombedwa mphepo yozizira imachita ming'alu.

Mbiya yopsa bwino imalira ngati belu mukaigogoda ndi chala. Yosapsa imamveka phuphuphu, imanyenyeka, ndipo m'ming'alu yake mumabisala litsiro lomwe lingadetse madzi ndi kutsegula ana m'mimba. Musaigule, ndipo ngati ndinu woumba musaigulitse.

Monga namwino komanso mzamba, ndikupempheni zinthu ziwiri. Amayi oyembekezera, obereka khanda kumsana ndi odwala mphumu asakhale pa utsi wa ng'anjo. Chachiwiri, ana asasewere pafupi, ngakhale m'mawa mwake, chifukwa phulusa limaoneka lozizira pamwamba pomwe pansi pali moto. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, ndipo thamangirani naye kuchipatala.