Mizu ya M'kamphika ndi Mwana wa M'mimba

Pa ntchito yanga yoyendera zitsime ndi zimbudzi m'midzi, kaŵirikaŵiri ndimapeza kamphika ka mizu katabisidwa kuseri kwa nkhokwe. Ndikafunsa, agogo amayankha motsitsa mau kuti ndi mankhwala otchinjiriza mimba ya mdzukulu wao. Chikondi chao sindichikayika. Chondidetsa nkhaŵa ndi nthaŵi imene mankhwalawo amamwedwa.

Mwa mwambo wathu, mimba ikadali yaing'ono sitiilengeza. Amai amaibisa miyezi itatu kapena inai, osapita kusikelo, koma akumwa za m'kamphika m'maŵa ndi madzulo. Tsono miyezi yomweyo ndi imene mwana amaumbidwa. Pa sabata lachinai mimba itakhala, mtima umakhala utayamba kugunda. Pofika masiku 28, njira ya msana ndi ubongo imakhala itatsekeka. Sabata lachisanu ndi chitatu likamatha, manja, miyendo ndi mlomo zimakhala zitaoneka. Zambiri zimene amai amwa zimafika kwa mwana kudzera m'magazi, ndipo chiŵalo chikaumbidwa molakwika pa masiku ameneŵa, sichibwereranso m'chimake.

Ngakhale azungu anaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu 1957 ku Germany anayamba kugulitsa mapiritsi otchedwa thalidomide, ndipo amai apakati ankamwa pofuna kuletsa mseru. Pamene ankawaletsa mu 1961, ana oposa 10,000 m'maiko osiyanasiyana anali atabadwa opunduka, ambiri a iwo ndi manja kapena miyendo yaifupi kwambiri. Amenewo anali mapiritsi a muyeso wodziŵika. Nanga muzu woyezedwa ndi dzanja? Mphamvu yake imasiyana malinga ndi nthaka, nyengo ndi kaŵiritsidwe, kotero kuti chikho cha lero sichifanana ndi cha maŵa.

Palinso mwanamphepo, amene ena amamwa kuti matenda ayambe msanga. Anamwino amadandaula naye chifukwa amafinya chiberekero mopyola muyeso. Mwana amasoŵa mpweya, ndipo chiberekero chikhoza kung'ambika.

Inu amai, mukangodumpha mwezi pitani kusikelo, musadikire kuti mimba ioneke. Kumeneko mudzalandira mapiritsi oonjezera magazi okhala ndi folic acid, amene amathandiza kuti msana wa mwana utsekeke bwino akamwedwa msanga. Ngati munayamba kale kumwa za m'kamphika, lekani, ndipo tengani mizuyo mukaonetse anamwino. Muwauze tsiku limene munayamba ndi zikho zimene mumamwa pa tsiku. Mapiritsi a kugolosale naonso musamwe musanafunse. Agogo mupite nao limodzi kuti akadzimvere okha.