Madzi Ochepa Amene Amatseka Khomo la Fungo

Mmodzi mwa anzathu amene anaphunzira pano zaka zapitazo anatiitana kukaona nyumba imene wamanga kufupi ndi Chelstone ndi ndalama za nkhuku ndi tomato. Nyumbayo ndi yosiririka: malata atsopano, chimbudzi chamadzi, sinki m'khitchini. Koma titangolowa tinalandiridwa ndi fungo ngati la mazira owola, ndipo mayi wa m'nyumbamo anati wakhala akukolopa ndi mankhwala tsiku ndi tsiku osaphula kanthu. Vuto silinali uve. Mmisiri analumikiza paipi ya sinki molunjika ku septic tank, popanda pokhota.

M'mawa mwake tinapita naye ku Heavy Industrial Area, kumene mapaipi a PVC amagulitsidwa cha kumsewu wa Lumumba ndi wa Mungwi. Chimene chinasowa m'nyumba yonseyo ndi kachipangizo kokwana m'dzanja limodzi, kamene amisiri amakatcha trap. Ndi paipi yopindika ngati chilembo cha U, yoikidwa pansi pa sinki, pa beseni ndi posambira. Madzi akadutsa, ena amatsalira pokhotapo, akuya pafupifupi mamilimita 50 mpaka 75, ndipo madzi amenewo ndiwo chitseko. Mpweya wa m'thanki, wonunkha ndi wina wokhoza kuyaka, sungabwerere m'nyumba. Mphemvu ndi ntchentche nazonso zimabwerera pomwepo. Chimbudzi chamadzi chimabwera ndi trap yake kale, n'chifukwa chake mumaonamo madzi nthawi zonse.

Koma madziwo sakhazikika ngati mapaipi sapuma, ndipo apa ndi pamene amisiri ambiri a changu amalakwa. Aliyense wa ife anakokapo madzi mumgolo ndi kapaipi kothirira mbewu: madzi akayamba kutsika amakoka anzawo mpaka mgolo kuuma. Zomwezo zimachitika munthu akagujumula chimbudzi. Madzi ambiri akamathamanga m'paipi yaikulu ya mamilimita 110, amasiya malo opanda mpweya kumbuyo kwawo, ndipo malowo amayamwa madzi a mu trap yapafupi. Mukamva sinki ikulira kuti gudugudu pamene wina ali m'chimbudzi, dziwani kuti chitseko chija chikutseguka.

Mankhwala ake ndi paipi yopumira, imene m'masitolo amaitcha vent. Imachokera pa paipi yaikulu, n'kukwera khoma mpaka kupitirira denga, kutali ndi mazenera. Imalowetsa mpweya kuti madzi atsike mosayamwa kanthu, ndiponso imatulutsira fungo kumwamba. Ena amaidulira pansi pa denga poopa kuboola malata. Potero amangolozera fungo pazenera la chipinda chogona. Pakamwa pake pafunika kasefa, kuopa mbalame ndi ntchentche. Amene anamangapo chimbudzi cha Blair, chimene Peter Morgan anayambitsa ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, akuidziwa kale paipi yotereyi.

Posankha, ife timakonda trap yotulukira kukhoma, yooneka ngati P, kusiyana ndi yotsikira pansi ngati S, chifukwa ya S imatha kudziyamwa yokha sinki yodzaza ikatsegulidwa. Sinki iliyonse ikhale ndi trap imodzi basi. Ziwiri zotsatizana zimatsekera mpweya pakati, madzi n'kumayenda monyinyirika. Paipi yopita kuthanki itsike pang'onopang'ono, pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Tengani chingwe ndi levulo, musadalire diso.

Ngakhale trap yoikidwa bwino imauma. M'chilimwe, kutentha kwa Okutobala kukafika, bafa la alendo kapena dzenje lotayira madzi pansi limene siligwiritsidwa ntchito limaphwa m'milungu yochepa. Nkhaniyi si ya fungo lokha. Mu 2003, ku Amoy Gardens mumzinda wa Hong Kong, anthu oposa 300 anadwala SARS, ndipo ofufuza anapeza kuti matrap ouma a pansi m'mabafa anathandiza kachilomboko kuyenda kuchoka m'nyumba ina kupita m'nyumba ina. Kapu imodzi kapena awiri a madzi pa mlungu m'dzenje lililonse lotere akwanira.

Kwa mnzathu uja ntchito inatha tsiku limodzi. Tinaika trap pansi pa sinki, tinakweza vent kuseri kwa chimbudzi, kenaka tinagujumula katatu tikutchera khutu kukhitchini. Sinki inangoti zii.